Momwe mungagwiritsire ntchito zithunzi za makadi a tarot pofufuza za mumtima mwanu

Anthu ambiri amene apeza makadi a tarot, omwe ndi makadi a zithunzi amene ena amagwiritsa ntchito poombeza, amagwa pamalo amodzi. Munthu watola khadi, asanaliyang'ane n'komwe wathamangira kale kukabuku ka m'bokosi kapena pa Google kukaona tanthauzo. Wawerenga mizere itatu, wagwedeza mutu, watseka, ndipo mtima uli momwe unalili. Ena zimawaipira kuposa pamenepo: atola khadi lolembedwa kuti Death, kutanthauza imfa, tulo tawathawa sabata yathunthu podikira uthenga wa maliro.

Ndinene poyera tisanapite patali kuti malangizo awa si a kuombeza. Khadi ndi pepala losindikizidwa. Silidziwa dzina lanu, silidziwa za mawa, ndipo silingakuuzeni amene akukufunirani zoipa. Chimene chimagwira ntchito ndi chithunzicho pamodzi ndi maso anu. Anthu awiri akayang'ana chithunzi cha munthu akuchoka usiku atasiya zikho zake kumbuyo, wina amati wathawa udindo, wina amati wamasuka. Kusiyanako sikuchokera pakhadi, kukuchokera m'moyo wa woyang'anayo, ndipo ndi kumene tikufuna kukugwira ndi kukulemba.

Ngati chikhulupiriro chanu sichikulolani kugwira makadi amenewa, musalimbane ndi chikumbumtima chanu. Masitepe onsewa amatheka ndi zithunzi zodula m'magazini kapena pakalendala yakale, bola zikhale ndi anthu amene akuchita kanthu.

## Zimene mukufunika kukhala nazo

Makadi. Bokosi lathunthu limakhala ndi makadi 78. Mwa amenewa, 22 ndi akuluakulu otchedwa Major Arcana, ndipo 56 otsalawo, otchedwa Minor Arcana, ali m'magulu 4 a makadi 14 gulu lililonse: a ndodo, a zikho, a malupanga ndi a ndalama. Funani mtundu wa Rider-Waite-Smith, umene unatuluka ku London mu 1909 ndipo zithunzi zake anajambula ndi Pamela Colman Smith. Chifukwa chake n'chakuti khadi lililonse lili ndi chithunzi chokhala ndi nkhani. Pa mtundu wa Marseille, makadi ambiri ang'onoang'ono amangoonetsa malupanga kapena zikho zoyalidwa popanda munthu, ndiye woyamba kumene alibe pogwira. Ngati kwanuko sagulitsa, zithunzi za Rider-Waite-Smith zimapezeka mwaulere pa Wikimedia Commons. Kazisindikizeni kumalo opangira fotokope, muzidule, muzimate pa katoni. Mutha kuyamba ndi 22 akuluakulu okha.

Kope ndi bolopeni. Kope likhale la ntchito imeneyi yokha, osati lomwe mumalembamo ngongole za kugolosale. Pezani pobisa. Mukadziwa kuti wina angaliwerenge, mudzalemba zokomera iyeyo.

Mphindi 20 zopanda wokuitanani, ndi wotchi. Ngati wotchi yanu ndi foni, thimitsani data.

Madzi akumwa, ndi dzina la munthu mmodzi amene mungamuimbire zinthu zikakulemerani. Lembani dzinalo patsamba loyamba la kope.

Makandulo, lubani, nsalu yapadera ndi mawu olakatula sizikufunika. Tebulo lopukuta kapena mphasa yoyera n'zokwanira.

## Masitepe

### 1. Ayang'aneni onse kaye, zithunzi zili m'mwamba

Tsiku loyamba musatole khadi lililonse. Yalani onse, muwayang'ane limodzilimodzi, muwagawe milu itatu: amene akukukokani, amene akukusowetsani mtendere, ndi amene sakukukhudzani. Lembani mayina a makadi a milu iwiri yoyambayo.

Ngati mwangochoka m'maliro kapena mwangodutsa m'nkhanza, chotsani kaye makadi amene akukubayani kwambiri. Ambiri amachotsa Ten of Swords, pomwe munthu wagona chafufumimba atabayidwa malupanga 10 pamsana, ndi The Tower, pomwe nsanja yawombedwa ndi mphenzi. Palibe lamulo limene mwaphwanya. Mudzawabwezera mphamvu zikadzabwera.

### 2. Sankhani nthawi, muyeze mtima

M'mawa kapena madzulo dzuwa lisanalowe ndi nthawi yabwino. Pakati pa usiku tulo titakana ayi, chifukwa nthawi imeneyo chithunzi chilichonse chimaoneka choopsa. Khalani pansi, mupume mozama kasanu, kenako mulembe deti ndi nambala imodzi pakati pa 0 ndi 10 yosonyeza kulemera kwa mtima wanu. Ikakhala 8 kapena kuposa, tsekani kope. Tsiku limenelo mukufunika munthu wolankhula naye.

### 3. Konzani funso lanu

Apa ndi pamene ntchito yonse imakhozekera kapena kuonongekera, choncho musathamange.

Funso loipa limafunsa za mawa, za mumtima mwa munthu wina, kapena limafuna yankho loti inde kapena ayi. "Kodi abwerera?" "Kodi ntchito ija ndiipeza?" "Ndani akunditsekera mwayi?" Mafunso otere amakusandutsani woombeza, ndipo lomalizalo ndi loopsa kwambiri. Tonse tikudziwa mabanja amene anagawikana, ndi agogo amene anavutitsidwa, chifukwa choti wina analoza chala popanda umboni. Khadi lisakhale chifukwa chokayikira m'bale wanu.

Funso labwino limayamba ndi inu ndipo limatha ndi inu. M'malo mofunsa ngati abwerera, funsani kuti, "N'chiyani chikundipweteka kwambiri pa kuchoka kwake?" M'malo mwa za ntchito ija, "Ndikuopa chiyani ndikaganiza zokhala pakhomo mwezi wina?" Ena amene amathandiza ndi awa: "Ndikusenza chiyani chimene si changa?" "Ndi mawu ati amene ndakhala ndikumeza?" "Ndikudzikaniza chiyani?"

Lembani funsolo m'kope musanagwire makadi. Mukapanda kulilemba, mudzapeza kuti mwalisintha mumtima kuti ligwirizane ndi khadi lomwe latuluka. Likhale limodzi lokha. Masiku amene funso silikubwera, gwiritsani ntchito ili: "Lero ndili bwanji kwenikweni?" Tinazolowera kuyankha kuti tili bwino tisanaganize n'komwe, ndiye funso laling'onoli limafukula zambiri.

### 4. Tolani khadi limodzi

Sakanizani makadi atavundikira monga momwe mumachitira ndi makadi ena aliwonse, mutole limodzi. Njira ina ndi yosankha dala: yalani zithunzi zili poonekera, mutenge chimene chikufanana ndi momwe mukumvera. Zonse ziwiri n'zabwino. Yoyamba imakupatsani chithunzi chimene simukanachisankha, yachiwiri imathandiza tsiku limene mawu akusowa.

Likatuluka chadodolido, litembenuzeni liime bwino. Nkhani ya matanthauzo a makadi ozondoka muisiye pakali pano.

*Chenjezo:* musabweze khadi chifukwa simunalikonde. Kusalikondako ndi chinthu choyamba choti mulembe.

### 5. Lembani zimene maso akuona, basi

Tcherani wotchi mphindi 3. Fotokozani chithunzicho ngati mukuuza munthu amene sakuchiona. Muli anthu angati? Ayang'ana kuti? Manja awo akuchita chiyani? Kumwamba kukuoneka bwanji? Kumbuyo kwawo kuli chiyani? Musalembe tanthauzo, musatchule moyo wanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ambiri amalumpha sitepe imeneyi poiona ngati yachibwana.

Ndipereke chitsanzo cha Five of Cups, khadi limene ndinakhala nalo nthawi yaitali chaka chomwe tinaika mayi anga. Munthu wavala mkanjo wakuda, wazyolika, akuyang'ana zikho 3 zimene zagwa ndipo zamkati zatayika. Patsogolo pali mtsinje, patali pali mlatho, ndipo kutsidya kuli nyumba. Ulendo woyamba ndinalemba zimenezi n'kuima, ndikuganiza kuti ndamaliza. Nditayang'ananso wotchi isanalire m'pamene ndinaona zikho 2 zili chiimire kumbuyo kwa munthuyo, zosatayika. Zinalipo nthawi yonseyo. Maso anga anazidumpha monga momwe ndinkadumphira azichemwali anga amene ankandiimbira foni tsiku lililonse ine osayankha.

Chimene mwachiona poyamba ndi chimene mwachiona pomaliza, zonse muzilembe mzere kunsi.

### 6. Lowani m'chithunzimo

Tsopano funsani chithunzicho, ndipo muyankhe polemba mosaganiza kwambiri, kwa mphindi 5.

Ine ndine ndani m'chithunzichi? Mutha kukhala munthuyo, koma muthanso kukhala mlatho, chikho chogwa, kapena wina amene waima kunja akungoonerera. Chinachitika n'chiyani chithunzichi chisanajambulidwe? Munthuyu akanati alankhule, akananena chiyani? Akufunika chiyani chimene sakupempha?

Mvetseraninso thupi. Pakhosi pauma? Pachifuwa pathina? M'mimba mwatentha? Lembani malo ake ndi nthawi imene zayamba. Nthawi zambiri thupi limayankha mutu usanavomere.

Kulankhula za munthu wa pakhadi n'kosavuta kusiyana ndi kulankhula za inu mwini, ndipo mphamvu ya njira imeneyi yagona pamenepo. Munthu amene sanganene kuti "ndatopa ndi kusamala aliyense" amatha kuyang'ana Ten of Wands, pomwe bambo wakumbatira ndodo 10 atawerama mpaka njira sakuiona, n'kulemba kuti, "Ameneyu akanatula zina, koma akuopa kuti amunena." Mawuwo atuluka, ndipo atuluka m'dzanja lake lomwe.

### 7. Sinthani "iye" akhale "ine"

Werenganinso zimene mwalemba pa sitepe 6. Paliponse pamene mwalemba kuti "iye" kapena "munthuyu", yesani kuikapo "ine", muwerenge motulutsa mawu. Ziganizo zina sizikwana, zisiyeni. Chimodzi kapena ziwiri zidzakugwirani pakhosi. Zikopereni pamzere wakewake, kenako mubwerere ku funso lanu lija muone ngati zikuliyankha kapena zikukuonetsani funso lina limene linabisala pansi pake.

Misozi ikabwera, ilekeni ituluke. Pa maliro ndi pa mavuto timauzana kuti "limbani mtima", ndipo amene amatiuza amatifunira zabwino, koma pali chisoni china chimene chimangodikira malo oti chitulukire anthu atabalalika. Imwani madzi, mupitirize mukakonzeka.

*Chenjezo:* musagwiritse ntchito sitepe imeneyi podziweruza. Mukapeza kuti mwalemba "ndine chitsiru" kapena "zonse ndi ine", imani. Dzifunseni kuti mnzanu wapamtima atakhala kuti ndiye ali m'chithunzicho, mungamuuze chiyani? Lembani zimenezo.

### 8. Tsopano mutha kuona tanthauzo la m'kabuku

Mwafika pano muli ndi zanu kale, ndiye kabuku sikangakulandeni maso. Mwachidule, zikho zimayendera za chikondi ndi zomva mumtima, malupanga za maganizo, mawu ndi mikangano, ndodo za khama ndi zofuna kuchita, ndalama za chuma, thupi ndi pakhomo. Makadi 22 akuluakulu amakamba za nyengo zikuluzikulu za moyo. Tengani chiganizo chimodzi chimene chawonjezera kanthu pa zimene mwaona. Kabuku kakatsutsana ndi zimene mwalemba, zanuzo ndiye zitsogole.

### 9. Sankhani kanthu kamodzi kochita, mutseke

Kakhale kakang'ono, kotheka mkati mwa maola 24, ndiponso kodalira inu nokha: kuyankha foni ya mchemwali, kukana ntchito imodzi yomwe si yanu, kugona msanga, kulemba kalata imene simudzaitumiza. Zazikulu monga kusiya ntchito, kuthetsa banja kapena kusamuka sizigamulidwa ndi khadi. Zimenezo zimafuna nthawi, anthu ndi kuwerengera.

Lembaninso nambala ya mtima wanu. Bwezerani makadi m'bokosi, dzukani, sambani m'manja, muchite ntchito ina ya manja monga kutsuka mbale kapena kusesa, kuti maganizo abwerere pakhomo.

### 10. Bwererani m'kope pakatha mwezi

Kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira. Pakatha mwezi werengani zonse kuyambira tsamba loyamba, mufune mawu amene akubwerezedwa. Mudzadabwa kuona kuti pa makadi osiyanasiyana mwakhala mukulemba nkhani imodzi.

Mukazolowera khadi limodzi, yesani atatu: loyamba la chimene ndikumva, lachiwiri la chimene ndikupewa, lachitatu la chimene chingandithandize. Lililonse mulidutsitse pa sitepe 5 ndi 6.

## Makadi amene amaopsa anthu

Death, nambala 13, ali ndi mafupa okhaokha ovala zankhondo zakuda, atakwera kavalo woyera. Ambiri amaima pomwepo. Yang'anitsitsani: mbendera yake ili ndi duwa loyera, mfumu yagwa ndipo chisoti chake chili pansi, pali kamwana kakuyang'ana wokwerayo mosabisa nkhope, ndipo patali dzuwa lili pakati pa nsanja ziwiri. Kaya likutuluka kapena likulowa, mudzanena ndinu. Funso lake ndi lakuti: n'chiyani chinatha kale chimene ndikukana kuchiika m'manda?

The Tower, nambala 16, ndi nsanja yowombedwa ndi mphenzi, anthu awiri akugwa chamutu. Silikulosera ngozi. Lifunseni za chimene chinagwa kale mwadzidzidzi, ndi ming'alu imene munkaiona koma osainena.

The Devil, nambala 15, ndi limene limavuta kwambiri kwa ife amene tinakulira m'tchalitchi, ndipo ngati likukusowetsani mtendere lichotseni m'bokosi. Amene angathe kuliyang'ana aone maunyolo amene ali m'khosi mwa anthu awiri aja. Ndi okhwepa, oti atha kuwavula podutsitsa mutu. Khadi limeneli limatsegula bwino nkhani za mowa, kubetcha, ngongole za katapila, kapena chibwenzi chimene munthu akudziwa kuti chikumudya. Eight of Swords ali ndi phunziro lofanana: mayi wamangidwa nsalu m'maso ndi zingwe m'thupi pakati pa malupanga 8, koma miyendo yake sinamangidwe. Samalani pano. Ngati amene wakumanganiyo ndi munthu wankhanza, chithunzichi sichikunena kuti vuto ndi inu. Chikufunsa za phazi loyamba, ndipo nthawi zambiri phazi loyambalo ndi kuuza munthu wina.

## Nthawi yosiya makadi n'kufuna thandizo

Kope ndi zithunzi zimathandiza munthu kudzimva, koma sizichiza matenda a maganizo. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa simukugona, simukudya, simukutha kugwira ntchito, kapena zoopsa zimene munadutsamo zikumabwerera ngati zikuchitika lero, pitani kuchipatala. Mukayamba kuganiza zodzivulaza kapena kudzipha, uzani munthu lero lomwe. Ku Malawi mutha kuyambira pachipatala cha boma cha m'dera lanu, ndipo kuli Zomba Mental Hospital komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku South Africa kuli bungwe la SADAG lothandiza anthu ovutika maganizo, ndipo ku Britain a bungwe la Samaritans amayankha foni usana ndi usiku pa 116 123. Amene mukumwa mankhwala a dokotala musawasiye chifukwa choti kope layamba kukupepuzani. Kopelo mutha kupita nalo kwa mlangizi, limathandiza poyambira kulankhula.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kutola mobwerezabwereza mpaka litatuluka lokoma. Munthu watola Three of Swords, mtima wobayidwa ndi malupanga 3 mvula ikugwa, ndiye akuti ayesenso. Watola lachiwiri, lachitatu, mpaka The Sun latuluka. Wadzitonthoza kwa mphindi zochepa, koma chomwe chinamuluma pa khadi loyamba sanachikhudze. Funso limodzi, khadi limodzi, tsiku limodzi.

Kubwerera ku kuombeza mosazindikira. Izi zimalowa pang'onopang'ono. Mumayamba bwino, kenako tsiku lina simukufuna kukwera minibasi musanatole khadi, kapena mukuti "khadi linanena". Khadi silinanene kanthu, munanena ndinu. Mukaona chizindikiro chimenechi, ikani bokosi kutali kwa mwezi wathunthu, muzingolemba m'kope popanda zithunzi.

Kuchitira m'mutu osalemba. Zimene simunalembe zimasungunuka pofika madzulo, ndipo sitepe 7 ndi 10 sizitheka.

Kutolera anthu ena makadi. Mnzanu akakupemphani kuti "ndionereko", musamuuze tanthauzo. Mupatseni chithunzi, mumufunse zimene akuona, inu mukhale chete. Ndipo musatole khadi pofuna kudziwa zimene mwamuna wanu, apongozi kapena abwana akuganiza. Zimene mudzaone ndi mantha anu omwe, koma mudzawatenga ngati umboni.

Kulipira anthu a pa intaneti amene akuti akuchotserani tsoka. Pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp pali ambiri amene amayamba ndi kukuwerengerani khadi mwaulere, kenako amati aona mdima umene ukufunika ndalama kuti uchoke. Musatumize ndalama, chithunzi chanu kapena mayina a ana anu.

Kukhala pa bala limodzi tsiku ndi tsiku. Pali kusiyana pakati pa kutsuka bala ndi kulitokosa. Ngati nambala ya mtima wanu ikumakwera pomaliza kuposa poyamba maulendo atatu otsatizana, sinthani funso. Tengani dala khadi lofatsa monga The Star, pomwe mayi wagwada m'mbali mwa dziwe akuthira madzi a m'mitsuko iwiri, wina m'dziwe wina pamtunda, kapena Four of Swords, pomwe munthu wagona manja atawaphatikiza. Funsani kuti, "N'chiyani chimandibwezera mphamvu, ndipo ndinachichita liti komaliza?" Nambala ikapanda kutsika ngakhale mutatero, tsegulani tsamba loyamba la kope, muimbire munthu amene munalemba dzina lake uja.